Bwanji munthu akanena kuti sakhulupirira Mulungu timamuukira chonchi?

Pali nkhani zingapo zimene ukangozikhudza anthu amadzuka onse nthawi imodzi, ndale, mitundu, mpira wa Bullets ndi Wanderers, koma palibe imene imaposa ya Mulungu. Munthu angolemba pa Facebook kuti ine sindikhulupirira kuti kuli Mulungu, kapena afunse kuti ndalama za chakhumi zimapita kuti pomwe amasiye a mumpingo momwemo akugona ndi njala, pasanathe ola limodzi pamakhala patadzaza. Ena amayamba ndi vesi ija ya pa Masalimo 14 yonena za chitsiru, ena amvekere ndiwe wa satanic, wina akuti azungu akupatsa zingati, wina akuti mutengereni ku mental ameneyo, wina mpaka kulonjeza kuti sufika Disembala mphenzi ikupeza. Kufika apa ndi mawu chabe. Koma nthawi zambiri sizithera pamenepo, screenshot imafika pa gulu la WhatsApp la kubanja, imafika kwa abusa, kwa a landilodi, kwa abwana kuntchito, ndipo munthu uja amayamba kuzimitsa foni ndi kuyenda akucheukacheuka.

Ineyo ndimapemphera, Lamulungu mundipeza kutchalitchi konkuno ku Zomba, nde musaganize kuti ndikulemba izi kuti wina asiye chikhulupiriro chake. Ndikulemba chifukwa mkwiyo umenewu uli ndi gwero lake lomveka bwino, koma ulinso ndi malire amene ife opempherafe tikumawadumpha, komanso malamulo a dziko lino pa nkhaniyi akukokana okhaokha ndipo ambiri sitikudziwa zimenezo.

Anthu ake ndi angati kodi? Likulu la NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera, lili pompano pa Zomba, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni, mwa anthu 100 aliwonse 77 Akhristu, pafupifupi 14 Asilamu, ndipo amene adati alibe chipembedzo chilichonse anali 2.1 peresenti basi, ukawerengera ndi anthu opitirirako 350,000. Si onsewo amene amati kulibe Mulungu ayi. Ambiri ndi aja timangowati osapemphera, abambo oti anadulidwa kalekale chifukwa cha mitala kapena mowa koma ukawafunsa akuuza kuti Chauta alipo ndithu. Amene amanenadi poyera kuti kulibe Mulungu, kapena kuti umboni wake sakuuona, ndi kagulu kochepa zedi. Komanso kumbukirani kuti a kalembera akafika pakhomo amene amayankhira onse nthawi zambiri ndi mutu wa banja, nde mnyamata amene anasiya kukhulupirira ali chaka chachiwiri pa Chanco amalembedwabe kuti ndi wa CCAP chifukwa mayi ake ndi a Mvano ndipo iye sanayerekezepo kuwauza.

Nanga kagulu kochepa chonchi kangatiopse bwanji mpaka kufika polumbirira munthu imfa? Ine ndimaona kuti yankho lili pa maliro kusiyana ndi m'mabuku a zaumulungu. Amene anakhalapo pa maliro a munthu wosapemphera akudziwa mmene zimakhalira. Usiku pa siwa pamangoti zii, palibe kwaya, palibe amayi a yunifolomu, achibale amanong'onezana kuseri kwa nyumba kuti titani, wina amakwera njinga kupita kwa mkulu wa mpingo kukapempha kuti olo pemphero lokha, mkulu uja amatsegula kaundula nkupeza kuti dzinalo mulibe kapena khadi linasiya kulembedwa zaka zapitazo, nde amayankha mwaulemu kuti tibwera ngati anansi koma mwambo wa mpingo sitichita. Mmawa bokosi limanyamuka popanda nyimbo, amalankhula ndi a mfumu ndi mwinimbumba basi, adzukulu nkukwirira. Mayi a malemuyo chimene chimawadya si imfa yokha, koma kuti mwana wawo waikidwa mwachinunu mudzi wonse ukuona. Nde mwana wamoyo akabwera nkuwauza mayi ngati amenewa kuti ine za Mulungu ndasiya, iwo saganiza za mtsutso wa sayansi ndi Baibulo, amaona maliro amenewa.

Mpingo ndi mzikiti kuno si malo opempherera okha. Ambiri tinaphunzira sukulu za mishoni, ku Domasi, ku Malosa, ku St Mary's, ku Box 2, ena ku madrasa. Ambiri tinabadwira m'zipatala za mipingo za CHAM ngati St Luke's kapena Pirimiti. Ukwati umadutsa kumeneko, kalata yofunsira malo a sukulu kapena ntchito amalemba ndi abusa, ukadwala amene amabwera ndi phala kuchipatala ndi amayi a mphakati, njala ikavuta thumba la chimanga limadzera kwa ashehe kapena kwa ansembe, namondwe Freddy atagwetsa nyumba mu 2023 anthu ambiri anathawira m'matchalitchi ndi m'masukulu. Boma likachedwa kufika, chipembedzo chimakhala chitafika kale. Chifukwa chake munthu akanena kuti zonsezi ndi bodza la azungu ndi Aluya, womvayo amamva ngati akuuzidwa kuti moyo wako wonse, mayi ako amene anakulera ndi mapemphero, manda a bambo ako amene pali mtanda, zonse ndi zopusa. Zimapweteka, ndipo amene sakumvetsa kupweteka kumeneku sangamvetsenso nkhani yonseyi.

Palinso china. M'maganizo a ambirife dziko lili ndi mbali ziwiri zokha, ya Mulungu ndi ya Satana, yachitatu palibe. Nde munthu akati sindikhulupirira, anthu samva kuti alibe mbali, amamva kuti ali mbali inayo. Apa nde poopsa penipeni, chifukwa tikudziwa zimene zimachitika m'dziko muno mphekesera ya satanic kapena ya opopa magazi ikagwera munthu, mu 2017 anthu anaphedwa cha ku Mulanje ndi Phalombe chifukwa cha mphekesera za anamapopa. Pamwamba pake wonjezerani mwambo wathu woti wamkulu satsutsidwa pagulu, abusa ndi bambo, ashehe ndi bambo, mwana wa dzulodzuloli angawafunse bwanji? Ndiye palinso ndalama, tisabise. Amene amagulitsa mafuta odzozedwa ndi madzi odalitsidwa, amene amauza mayi wamasiye kuti abzale mbewu ya ndalama ya lendi kuti alandire chozizwa, amene amauza wodwala kuti ataye ma ARV chifukwa wachira, mafunso amawawonongera msika, ndipo kwa iwo nkosavuta kusandutsa funso lokhudza thumba lawo kukhala ngati munthu wanyoza Mulungu.

Tsopano malamulo. Timakonda kunena kuti Malawi ndi dziko loopa Mulungu, nyimbo ya fuko ndi pemphero, msonkhano uliwonse wa boma umayamba ndi pemphero, a Bakili Muluzi Msilamu analamula kuyambira 1994 mpaka 2004, a Lazarus Chakwera anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20 asanalowe ndale. Zonsezo nzoona. Koma malamulo aakulu oyendetsera dziko a 1994 sananene kuti dziko lino ndi la chipembedzo chakutichakuti, kusiyana ndi anzathu a ku Zambia kumene Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti dziko lawo ndi lachikhristu ndipo mu 1996 anazilemba m'mawu oyamba a malamulo awo. Kwathu kuno gawo 33 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wotsatira chikumbumtima chake, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo, komanso ufulu wa maphunziro ndi kafukufuku. Onani kuti zonsezi zili mu chiganizo chimodzi. Ufulu umene umandilola ine kupemphera ndi womwewo umene umalola mnzanga kusapemphera, ndi womwewonso umene aphunzitsi a pa Chanco anaumenyera miyezi yambirimbiri mu 2011 mkulu wa polisi Peter Mukhito atayitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Ufulu umenewu suloledwa kuyimitsidwa olo pa nthawi ya state of emergency. Gawo 35 nalo limateteza ufulu wolankhula, gawo 20 limaletsa tsankho, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha chipembedzo kapena maganizo ake, kutanthauza kuti abwana amene achotsa munthu chifukwa cha screenshot ija ndi amene alakwira lamulo.

Koma mu Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, muli gawo 130, ndipo limeneli nde ambiri salidziwa. Limati munthu amene walemba kapena kulankhula mawu, kapena kupanga chizindikiro, ndi cholinga chenicheni chofuna kupweteka mtima wa mnzake pa za chipembedzo chake, wapalamula ndipo atha kukhala kundende chaka chimodzi. Lamulo limeneli sitinalipange ndife. Penal Code yathu ndi ya atsamunda, inayamba kugwira ntchito mu 1930 likulu la Nyasaland lili konkuno ku Zomba, ndipo mawu a gawo limeneli amafanana kwambiri ndi gawo 298 la malamulo amene Angerezi analembera dziko la India mu 1860. Chimene atsamunda ankafuna sichinali kuteteza ulemu wa Mulungu, ankafuna bata m'madera amene ankalamula kuti anthu a zipembedzo zosiyana asamenyane nkusokoneza ulamuliro wawo. Eni akewo kwawo ku England anachotsa mlandu wonyoza chipembedzo mu 2008, ku Ireland, dziko la Akatolika ambiri limene linatitumizira ansembe ndi masisteri ochuluka, anthu anavota mu 2018 kuti uchoke m'malamulo awo. Ife tikadali nalo.

Tikaliwerenga bwino lamuloli likufuna kuti pakhale cholinga chofuna kupweteka, nde kufunsa funso kapena kunena kuti sindikhulupirira si mlandu. Vuto ndi loti amene amayamba kuweruza cholinga cha munthu si jaji, ndi wapolisi wa pa kauntala amene mwina nayenso ndi mkulu wa mpingo, ndipo panja pali chigulu chikukuwa. Vuto lina lalikulu ndi loti kupweteka mtima kulibe sikelo. Tamverani mlaliki wa pa depoti kapena wa mu basi ya ku Blantyre, akuti opemphera Lamulungu alandira chizindikiro cha chilombo, akuti Akatolika amagwadira mafano, akuti Gule Wamkulu ndi ziwanda, akuti amene sanalandire Yesu onse ndi a kung'anjo ya moto, ndipo m'basimo muli Msilamu wakhala pambali pake ndi chikwama cha mlalikiyo pamiyendo. Msilamu naye akaima kuphunzitsa amanena mosabisa kuti Mulungu alibe mwana, zimene kwa Mkhristu zikugwetsa maziko onse. Kulalikira kulikonse kumatsutsa chikhulupiriro cha wina, nde timatsutsana tsiku ndi tsiku ndipo timati ndi ufulu wathu, koma wosapembedza akachita zomwezo kwa tonsefe nthawi imodzi timati wanyoza. Mu 2020 chikwangwani cha Asilamu pa msewu wa ku Blantyre chimene chinkaitana anthu amene anawerenga Chipangano Chakale ndi Chatsopano kuti awerengenso Qur'an chinadandaulitsa atsogoleri ena achikhristu mpaka chinachotsedwa, pomwe zikwangwani za misonkhano ya chitsitsimutso zili ponseponse mpaka pafupi ndi mizikiti. Amene ali ochuluka ndi amene kupweteka kwawo kumamveka.

A United Nations anaiganizira kale nkhani imeneyi. Malawi analowa mu pangano la ICCPR, la mayiko loteteza ufulu wa anthu, mu 1993, ndipo komiti yoona za panganoli inanena chaka chomwecho kuti ufulu wa chipembedzo umateteza okhulupirira Mulungu, osakhulupirira, komanso ufulu wosakhala ndi chipembedzo chilichonse. Mu 2011 komiti yomweyo inanenanso kuti malamulo oletsa kunyoza chipembedzo sagwirizana ndi panganoli, kupatula pamene munthu akufalitsa chidani chimene chikulimbikitsa tsankho, udani kapena chiwawa kwa anthu a chipembedzo china. Mzere nde umenewo. Lamulo limateteza anthu, siliteteza maganizo kuti asatsutsidwe. Wina akati Chikhristu kapena Chisilamu chilibe umboni, watsutsa ganizo. Wina akati Asilamu asachite lendi nyumba kuno, tchalitchi chawocho tichiwotche, kapena osapempherawa tiwathamangitse mmudzi muno, waukira anthu.

Kwa amene akuona ngati izi ndi zakunja, mbiri yathu yomwe ili ndi phunziro lowawa, la a Mboni za Yehova. Boma la Kamuzu linawaletsa mu 1967 chifukwa ankakana kugula khadi la chipani. Mu Seputembala 1972 msonkhano waukulu wa MCP umene unachitikira konkuno ku Zomba unagwirizana kuti achotsedwe ntchito, mabizinesi awo asathandizidwe ndipo a m'midzi athamangitsidwe. Zimene zinatsatira akuluakulu athu akuzidziwa, kumenyedwa, nyumba kuwotchedwa, amayi kugwiriridwa, ena kuphedwa, anthu zikwizikwi kuthawira ku Sinda Misale ku Zambia kenako ku Mozambique, ena kutsekeredwa m'ndende ku Dzaleka. Chiletso chinachoka mu Ogasiti 1993. Amene ankachita zimenezi sanali alendo, anali anansi awo, a Youth League ndi a Payoniya amene ambiri Lamulungu ankapita kutchalitchi, ndipo chimene chinapangitsa kuti zitheke ndi chakuti anthu wamba anali atavomereza kale mumtima kuti awa ndi osokoneza, ndi odzimva, akuzifuna okha. Mawu amenewa ndi omwewo amene ndikuwamva lero ponena za osapembedza.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata ija ya nyengo ya Lenti yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, boma linati ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu, maepiskopi anafunsidwa ndi apolisi, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anayatsidwa moto. Ophunzira a pa Chanco anatuluka m'misewu ya Zomba kuwaikira kumbuyo. Nthawi imeneyo wotsutsa amene ankati wanyoza zinthu zosayenera kunyozedwa unali mpingo. Ufulu wolankhula umene tili nawo lero mpingo unaumenyera nawo, nde zimandiwawa ndikaona ife a mpingo tikupempha apolisi kuti atseke munthu pakamwa.

Sikuti kulolerana kulibe m'dziko muno, kulipo ndipo ndimakunyadira. Pa Zomba pano adhana imamveka mbandakucha kuchokera ku mzikiti wa pafupi ndi msika, kenako mabelu a tchalitchi, ndipo palibe amadabwa. Mabanja ambiri ku Chinamwali, ku Songani, ku Jali ndi osakanikirana, malume Msilamu azakhali a Anglican, pa Eid timadyera limodzi mpunga, pa Khirisimasi chimodzimodzi, mbuzi ya pa ukwati timaitana Msilamu adzazinge kuti aliyense adye. Zikavuta timadziwanso kukambirana. Mu 2019 ku M'manga ku Balaka Asilamu ndi Akhristu anamenyana pa nkhani ya hijab pa sukulu ya Anglican, anthu anavulala, nyumba zopemphereramo zinawonongeka, koma a PAC, bungwe la atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana, anakhazika mbali zonse pansi mpaka mu 2021 anasayinirana kuti atsikana achisilamu azivala hijab yogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Ndi ntchito yabwino imeneyo. Koma taonani amene amakhala nawo pa zokambirana zoterezi, ndi mabungwe akuluakulu a Akatolika, a mipingo ina ndi a Asilamu, amene aliyense ali ndi anthu mamiliyoni kumbuyo kwake. Kulolerana kwathu kwakhala kuli pangano la akuluakulu okhaokha, timalolera amene tikudziwa kuti tikamuputa abweza. Wopanda gulu alibe mpando.

Ma Rasta ndi umboni. Kwa zaka zambiri ana awo ankabwezedwa pa sukulu za boma chifukwa cha tsitsi, ndipo panalibe chigulu chimene chinawayendera pamsewu. Anachita kupita kukhothi, mmodzi mwa ana amene nkhani yawo inafika kumeneko anali atasankhidwa kupita ku Malindi Secondary konkuno, ndipo pa 8 Meyi 2023 jaji Zione Ntaba wa High Court ya Zomba anagamula kuti kuwakaniza sukulu chifukwa cha ma dreadlocks nkosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mwana amene anabwezedwa ali wamng'ono zaka zimene anataya palibe angamubwezere. Anthu osapembedza ali pamalo ngati amenewo, kungoti iwo alibe tsitsi lowaonetsa nde ambiri amangobisala, amapita kutchalitchi kuti mayi asalire, amatseka maso pa pemphero la kuntchito kuti asakhale nkhani.

Kumene mkwiyo woterewu umathera ukalekereredwa tikukuona kwa anzathu. Ku Nigeria, Mubarak Bala atasiya Chisilamu abale ake anamutengera ku chipatala cha amisala mu 2014, mu Epulo 2020 anamangidwa chifukwa cha zimene analemba pa Facebook, mu 2022 khothi la ku Kano linamupatsa zaka 24, ndipo khothi la apilo linazitsitsa kufika pa 5 mu 2024 iye atakhala kale m'ndende zaka zinayi. M'dziko lomwelo pa 12 Meyi 2022 Deborah Samuel Yakubu, mtsikana wachikhristu wa pa koleji ya aphunzitsi ku Sokoto, anagendedwa ndi kuwotchedwa ndi chigulu cha ophunzira anzake chifukwa cha voice note ya pa gulu la WhatsApp la m'kalasi. Mmodzi wosapembedza, mmodzi wopemphera, mlandu umodzi womwewo wakuti wanyoza. Ku Kenya bungwe la Atheists in Kenya Society litalembetsedwa mu 2016 atsogoleri a mipingo anakwiya, boma linaliyimitsa, koma High Court inagamula mu 2018 kuti kuliyimitsako kunali kolakwika. Ife sitinafike pa za ku Sokoto ndipo ndikupemphera tisadzafike, koma dziko limene anthu amawotcha munthu ndi teyala chifukwa cha mphekesera ya foni yobedwa silingadzitame kuti zimenezo nzosatheka.

Mbali inayi nayonso ndiyinene. Pali achinyamata ena amene akangowerenga mabuku awiri ndi kuonera mavidiyo pa YouTube amayamba kutchula aliyense wopemphera kuti mbuli, nkhosa, anthu ogona, kupanga zithunzi zonyoza Yesu kapena Mtumiki Muhammad pa tsiku la Pasaka kapena mwezi wa Ramadan kuti anthu apse mtima basi. Mayi wataya mwana walemba kuti Mulungu anapereka Mulungu watenga, wina nkubwera pansi pake kudzamuphunzitsa kuti Mulungu kulibe. Kumeneko si kulimba mtima, ndi kusowa umunthu, ndipo kumawonongera anzawo amene ali ndi mafunso enieni. Munthu wotere ayankhidwe, adzudzulidwe, amene akufuna kumubuloka amubuloke, ufulu wolankhula sutanthauza kuti anthu azikuombera m'manja. Kukwiya ndi ufulu wathu, kuyankha mwamphamvu ndi ufulu wathu. Chimene si ufulu wathu ndi kumuopseza, kufalitsa kumene amakhala, kumuchotsetsa ntchito kapena nyumba, kumumenya, kapena kuitana apolisi kuti atithandize kupambana mtsutso. Mwano si chifukwa chomangira munthu, ukanakhala chifukwa bwenzi ndende ya Zomba itadzaza ndi anthu a zipembedzo zonse.

Ndipo pali ntchito imodzi imene anthu osapembedzawa agwira m'dziko muno imene ifeyo tinayenera kuigwira kalekale, ya agogo onamiziridwa ufiti. Lamulo la ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma cha m'ma 2010 zinthu zinali zitatembenuka, okalamba ambiri, makamaka amayi, ndi amene ankapezeka m'ndende pa umboni wa ana oti akuti amatitenga usiku. George Thindwa ndi bungwe lake la Association for Secular Humanism ndi amene ankayenda m'ndende kuwafufuza, kuwalipirira chindapusa, kulembera akuluakulu a boma kuti awatulutse, mpaka analonjeza poyera ndalama kwa aliyense amene angamulodze pofuna kuonetsa anthu kuti asamaope. Mu 2012 iye ndi Dr Charles Chilimampunga wa pa Chanco anatulutsa kafukufuku wa nkhanza zimene ana, amayi ndi okalamba amakumana nazo chifukwa cha nkhani za ufiti. Anatukwanidwa kwambiri. Koma agogo amene ankawatulutsawo sanali a bungwe lake, anali anthu a m'midzi ngati agogo anu ndi anga, oimba nyimbo za m'buku ndi kuvala kolona, ndipo nthawi zina amene anayambitsa kuwaloza chala anali mneneri pa mapemphero a usiku.

Nkhanzazo sizinathe. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi, ndipo chaka chilichonse timamvabe za agogo omenyedwa pamanda kapena kuwotcheredwa nyumba. Kafukufuku wa Afrobarometer wa 2022 anapeza kuti anthu pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse m'dziko muno amakhulupirira kwambiri kuti ufiti ulipo, ndipo komiti yapadera ya Law Commission, bungwe lounika malamulo, inapereka ganizo loti lamulo lisinthidwe kuti livomereze kuti ufiti ulipo ndi kulanga ochita ufitiwo. Amene anakana mokweza ndi a Humanists Malawi, Wonderful Mkhutche ndi anzake, ndipo funso lawo linali losavuta kumva, khothi lidzatsimikiza bwanji kuti munthu anaulukadi pa lichero, umboni wake udzakhala chani ngati si mawu a mwana woopsezedwa ndi a sing'anga amene walipidwa? Ine pa funso limeneli ndili mbali yawo, ndipo ndikudziwa abusa ndi ansembe amene nawonso ali mbali yomweyo koma sanena mokweza poopa akhristu awo omwe.